Oxidative stress mwa ana odwala leukemia: zimene kuyeza magazi kumaonetsa ndi pamene kumalekezera

Pali kayezedwe kena kakale ndithu kamene ofufuza ambiri amakakonda chifukwa sikadula. Amatenga madzi a m'magazi a wodwala, aja otsala maselo akachotsedwa, n'kuthiramo asidi pamodzi ndi mankhwala otchedwa thiobarbituric acid. Kenako kabotoloko amakatenthetsa kwa ola limodzi pa madigiri 95. Madziwo amasanduka apinki, ndipo makina amayeza kuti mtunduwo wakolera bwanji. Akayeza chonchi magazi a ana amene angowapeza kumene ndi leukemia, khansa ya m'magazi, kawirikawiri mtunduwo umakolera kuposa wa ana anzawo amene sakudwala. Zimenezi zapezeka m'makafukufuku a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo malipoti ake amathera pa mfundo imodzi: ana odwala khansa ya m'magazi ali ndi oxidative stress yochuluka, kutanthauza kuti tinthu toononga tochokera ku okosijeni tachuluka m'thupi kuposa zoteteza.

Mfundoyo ndi yoona. Povuta ndi pa mafunso amene kholo lililonse lingafunse likamva zimenezi. Kodi ndi zomwe zayambitsa matendawa? Kodi nambalayo ikutiuza ngati mwana achire? Nanga tigule mavitamini kuti itsike? Kuti mayankho ake amveke, tiyambire patali pang'ono.

Leukemia imayambira m'kati mwa mafupa, momwe magazi amapangidwira. Selo limodzi laling'ono, limene limayenera kukhwima n'kukhala selo loyera loteteza thupi, limasokonekera majini n'kuyamba kuswana lisanakhwime. Maselo osakhwimawa madokotala amawatcha ma blast. Akadzaza m'mafupa, maselo abwino amasowa malo. Ofiira akachepa mwana amatuwa ndi kufooka. Othandiza magazi kuundana akachepa amayamba kamfuno, nkhama zimatuluka magazi, khungu limachita mabala akuda popanda kugwa. Oyera abwino akachepa, thupi limangotentha chifukwa matenda ena alowa. Mwa ana, atatu mwa anayi alionse odwala leukemia amakhala ndi mtundu wotchedwa acute lymphoblastic leukemia, mwachidule ALL, umene umagwira kwambiri ana a zaka 2 mpaka 5. Ambiri mwa otsalawo amakhala ndi mtundu wina wotchedwa acute myeloid leukemia, mwachidule AML.

Mu 1948 Sidney Farber wa ku Boston anasonyeza kuti mankhwala otchedwa aminopterin amatha kubweza matendawa m'mbuyo kwa kanthawi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ana ochira sankakwana 10 pa 100 alionse. Lero m'mayiko olemera ana pafupifupi 90 pa 100 alionse odwala ALL amakhala ali moyo patatha zaka 5, ngakhale m'mayiko osauka chiwerengerochi chidakali pansi kwambiri, ndipo achinyamata a zaka 15 kupita m'tsogolo sachira mofanana ndi ana aang'ono. Chithandizo chake chimatenga zaka ziwiri kapena kupitirira. Mwana amene wachira ali ndi zaka 7 angakhale ndi moyo zaka zina 60 kapena 70, ndipo zaka zonsezo adzadalira mtima ndi ubongo zomwe zinalandira mankhwala amphamvu zikadali zanthete. Chidwi cha ofufuza pa oxidative stress chachokera kwambiri pamenepa.

Okosijeni akasanduka mdani

Okosijeni amene timapuma amakathera m'ma mitochondria, tizigawo ta m'selo timene timasandutsa chakudya kukhala mphamvu. Pa ntchitoyi maelekitironi amaperekedwa motsatizana mpaka kufika kwa okosijeni, amene pomaliza amasanduka madzi. Koma maelekitironi ena ochepa amapulumuka panjira n'kugwera okosijeni nthawi isanakwane, ndipo pamabadwa superoxide. Superoxide imasanduka hydrogen peroxide, yemwe uja amachita thovu akathiridwa pabala. Peroxide payekha saopsa kwenikweni. Akakumana ndi ayironi wongoyandama, wopanda puloteni yomugwira, m'pamene pamatuluka hydroxyl radical, kanthu kolusa kamene kamaononga chilichonse chimene chili pafupi, kaya ndi mafuta a khungu lokuta selo, puloteni kapena DNA. Zimene ayironi ndi peroxide amachita akasakanikirana anazifotokoza Henry Fenton mu 1894. Tinthu tolusati akatswiri amatitchula pamodzi kuti reactive oxygen species, mwachidule ROS.

Thupi silikhala manja lende. Mu 1969 Joe McCord ndi Irwin Fridovich a pa yunivesite ya Duke anatulukira ntchito ya enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) yotchedwa superoxide dismutase, kapena SOD, imene imasandutsa superoxide kukhala peroxide. Kenako catalase ndi glutathione peroxidase, enzyme imene imafuna selenium kuti igwire ntchito, zimasandutsa peroxide kukhala madzi. M'selo lililonse mulinso glutathione wambiri, amene amapereka maelekitironi ake kuti zina zisaonongeke, ndipo akatha ntchito amabwezeretsedwa. Palinso vitamini C ndi vitamini E zochokera m'zakudya, komanso zinthu zina za m'magazi monga albumin, bilirubin ndi uric acid. Zonsezi ndi ma antioxidant. Helmut Sies, wasayansi wa ku Düsseldorf, ndiye anakhazikitsa mawu akuti oxidative stress mu 1985, kutanthauza nthawi imene zoononga zachuluka kuposa zoteteza.

Otsatsa mavitamini amakonda kulekezera pamenepa, ngati kuti ROS ndi oipa basi. Komatu maselo oyera otchedwa ma neutrophil amapanga superoxide mwadala, kudzera mu enzyme ya NADPH oxidase, kuti aphere mabakiteriya. Ana obadwa enzyme imeneyi isakugwira ntchito amadwala chronic granulomatous disease, ndipo amavutika ndi matenda obwerezabwereza a mabakiteriya ndi mafangasi. Maselo amagwiritsanso ntchito peroxide wochepa potumizirana uthenga wa nthawi yogawikana ndi nthawi yofa. Ndipo chithandizo cha radiation chimapha khansa makamaka popanga ma hydroxyl radical m'madzi a m'selo. Choncho thupi silifuna kuti ROS atheretu. Limafuna kuti akhale pamlingo wake, pamalo pake.

Zimene zimayezedwa

Hydroxyl radical imakhala moyo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi. Palibe singano imene ingaitape. Wofufuza ali ngati mlenje amene sanaione nyama, koma akuwerenga mapazi amene yasiya pamatope. Mapaziwo ndiwo ma biomarker a oxidative stress: zotsalira za mafuta, mapuloteni ndi DNA zimene zaonongeka, kapena kuchepa kwa zoteteza zimene zagwiritsidwa ntchito.

Chodziwika kwambiri ndi malondialdehyde, mwachidule MDA, kachidutswa kotsala mafuta a khungu la selo akaphwanyika. Ndicho chimene kayezedwe kapinki kaja, kotchedwa TBARS, kamafunafuna. Kayezedweka kamagwiritsidwanso ntchito m'mafakitale a zakudya poona ngati mafuta aonongeka, ndipo kumeneko kamathandiza ndithu. M'magazi muli zosokoneza zambiri. Shuga, bilirubin ndi zinthu zina zimathanso kusintha mtundu wa madziwo, ndipo kutenthetsa kuja pakokha kumapanga MDA watsopano amene munalibe m'thupi la mwanayo. Akatswiri a nkhaniyi akhala akuchenjeza kwa zaka zambiri kuti TBARS payokha si umboni wokwanira, koma makafukufuku ang'onoang'ono akupitirizabe kuidalira poti ndi imene angakwanitse.

Chodalirika kwambiri pa mafuta ndi ma F2-isoprostane, amene Jason Morrow ndi Jackson Roberts a pa yunivesite ya Vanderbilt anawafotokoza mu 1990. Amapangidwa ma free radical, tinthu tolusa ngati hydroxyl radical ija, akagunda mafuta otchedwa arachidonic acid, sasweka msanga, ndipo amapezeka m'magazi, mumkodzo ndi m'madzi ozungulira ubongo. Kuti ayezedwe bwino pamafunika makina a mass spectrometry, amene ndi odula ndipo amafuna munthu wowadziwa.

Pa DNA amayeza 8-OHdG. Mwa zilembo zinayi za DNA, chilembo G ndicho chimaonongeka mosavuta ndi ROS. G woonongeka amatha kugwirana ndi A m'malo mwa C, ndipo selo likagawikana cholakwikacho chimakhazikika. N'chifukwa chake biomarker imeneyi, imene Hiroshi Kasai ndi Susumu Nishimura a ku Japan anaifotokoza mu 1984, imakopa ofufuza za khansa. Thupi lili ndi ma enzyme ochotsa G woonongeka, ndipo zotsalira zake zimatuluka mumkodzo, zomwe ndi zabwino kwa mwana chifukwa palibe kubaya. Koma nambala ikakwera mumkodzo ingatanthauze kuti kuonongeka kwachuluka, ingatanthauzenso kuti kukonza kukuyenda mwamphamvu. Njira yotchipa ya ELISA imakondanso kupereka manambala okwera kuposa mass spectrometry pa mkodzo umodzimodziwo.

Zina ndi ma protein carbonyl, osonyeza mapuloteni oonongeka, mlingo wa glutathione wabwino poyerekeza ndi wogwiritsidwa kale ntchito, mphamvu ya SOD ndi catalase m'maselo ofiira, ndi chimene amachitcha total antioxidant capacity, chimene tichionenso kutsogoloku chifukwa chili ndi msampha wake.

Mapazi alipo, koma ndi a yani?

Mwa mwana wodwala leukemia muli zinthu zambiri zopanga ROS pa nthawi imodzi, ndipo madzi a m'magazi amasakaniza zonse.

Choyamba ndi khansayo. Majini ena osokonekera amene amayendetsa leukemia amakweza ROS m'kati mwa selo. BCR-ABL1, jini yobadwa chromosome 9 ndi 22 zikasinthana zidutswa n'kupanga Philadelphia chromosome, imachita zimenezi. FLT3-ITD ya mu AML imateronso. ROS ochulukirako amathandiza selo la khansa kugawikana mosalekeza, ndipo amaononga DNA yake n'kubweretsa zolakwika zatsopano, zina mwa izo n'kulithandiza kupirira mankhwala. Kuti lisadziphe lokha, selo la khansa limakwezanso zoteteza zake monga glutathione. Chodabwitsa n'chakuti mu 2013 gulu la Craig Jordan linasonyeza kuti mu AML maselo amene ali gwero la matendawa, aja amatsala chete n'kudzabwezeretsa khansa, amakhala ndi ROS ochepa kuposa ma blast ena onse. Ndiye kuti maselo oopsa kwambiri ndi omwe saonekera pa kuyeza kwa mtundu umenewu. Magazi otapidwa pamkono sangakuuzeni zimene zikuchitika m'kati mwa kagulu kochepa ka maselo obisala m'mafupa.

Nanga kodi oxidative stress ndiyo imayambitsa leukemia ya ana? Kuyeza mwana amene wadwala kale sikungayankhe funso limeneli, chifukwa thupi lodzaza ma blast, lochepa magazi ndi lotentha liyenera kuonetsa kuonongeka ngakhale chiyambi chake chitakhala china. Mel Greaves wa ku Institute of Cancer Research ku London ndi anzake anabwerera ku timadontho ta magazi timene ana amatengedwa pachidendene atangobadwa, ndipo anapeza kuti mwa ana ambiri odwala ALL cholakwika choyamba cha majini chinalipo kale mwana ali m'mimba. Anapezanso kuti ana obadwa ndi cholakwika chotchedwa ETV6-RUNX1 ndi ochuluka pafupifupi maulendo 100 kuposa amene amadzadwaladi, kusonyeza kuti pamafunika cholakwika chachiwiri. Kholo limene likudziimba mlandu kuti mwina silinkampatsa mwana zipatso zokwanira lidziwe kuti palibe umboni woti ALL imayamba choncho.

Chinthu chachiwiri chopanga ROS ndi mankhwala. Daunorubicin ndi doxorubicin, a m'gulu la anthracycline, ndi ofiira moti mkodzo wa mwana umafiira kwa tsiku limodzi kapena awiri akalandira. M'selo amalanda elekitironi n'kuipereka kwa okosijeni, kenako n'kulandanso ina, mobwerezabwereza, ndipo amagwirana ndi ayironi. Minofu ya mtima ili ndi ma mitochondria ochuluka, catalase wochepa, ndipo maselo ake akafa sabwereranso mokwanira. Mtima ungafooke patapita zaka 10 kapena 20 chithandizo chitatha, ndipo chiopsezo chimakula ndi kuchuluka kwa mankhwala onse amene mwana walandira. Malangizo otsatira ana ochira amaika pagulu lachiopsezo chachikulu amene analandira mamiligalamu 250 kapena kuposa pa sikweya mita iliyonse ya thupi. Mu 2004 Steven Lipshultz ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ana 206 odwala ALL yovuta. Mwa olandira doxorubicin yekha, theka anali ndi troponin T wokwera, chizindikiro choti minofu ya mtima yavulala. Mwa olandira kaye dexrazoxane, mankhwala ogwira ayironi, anali 21 pa 100 alionse. Zinkaoneka ngati nkhani ya ROS yatsimikizika. Koma mu 2012 ofufuza anasonyeza pa mbewa kuti doxorubicin amavulaza mtima kudzera mu enzyme ya topoisomerase II beta, ndipo dexrazoxane amatsekereza enzyme yomweyo. ROS alimo ndithu m'nkhaniyi, koma si okhawo, ndipo n'kutheka kuti amabwera pambuyo pa kuvulala koyamba. Onaninso kuti chimene chinathandiza madokotala pa kafukufukuyo chinali troponin, chizindikiro chochokera mumtima mwenimwenimo, osati MDA.

Mankhwala ena tingodutsamo. Cyclophosphamide amatulutsa acrolein amene amapsereza chikhodzodzo, ndipo pa mlingo waukulu amaperekedwa pamodzi ndi mesna kuti aphe ululu wakewo. Asparaginase amachepetsa mapuloteni opangidwa m'chiwindi, kuphatikizapo albumin, mmodzi wa ma antioxidant aja. Arsenic trioxide, amene madokotala a ku Harbin ku China anayamba kumugwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1970, amachiza mtundu wa AML wotchedwa APL, ndipo m'labotale maselo okhala ndi glutathione wochepa ndiwo amafa naye msanga.

Chachitatu ndi ayironi. Ana ambiri amawonjezeredwa magazi kangapo pa chithandizo chawo. Paketi imodzi yathunthu ya maselo ofiira imakhala ndi ayironi wokwana mamiligalamu 200 mpaka 250, pamene thupi la munthu wamkulu limataya miligalamu imodzi kapena ziwiri zokha patsiku ndipo lilibe njira yotayira wochuluka. Wotsalayo amaunjikana m'chiwindi, nthawi zina mumtima, ndipo zimene Fenton anaona mu 1894 zimachitika m'thupi la mwana. Ferritin, puloteni yosunga ayironi imene imayezedwa m'magazi, amapereka chithunzi cha ayironi wosungidwa, koma amakweranso thupi likatupa kapena likagwidwa ndi matenda, choncho pofuna kutsimikiza amajambula chiwindi ndi MRI.

Onjezerani kutentha thupi ndi mabakiteriya m'magazi, zilonda za m'kamwa zolepheretsa kudya, kusanza, ndi ma steroid amene amapatsa mwana njala yosatha n'kumunenepetsa m'milungu yochepa. Chilichonse mwa zimenezi chimasuntha manambala. MDA akakwera pa tsiku la 15 la chithandizo, palibe angaloze chala n'kunena motsimikiza kuti wachititsa ndi uyu.

Madzi a pamsana

Pamene ma biomarker amenewa akuoneka kuti angadzathandizedi ndi pa ubongo. Ma blast amatha kubisala m'madzi ozungulira ubongo ndi mtsempha wa msana, kumene mankhwala ambiri opita m'magazi safika bwino. Kale ankawotcha mutu ndi radiation, ndipo ana ambiri ankatsala ndi vuto la kuphunzira. Mu 2009 chipatala cha St. Jude ku Memphis chinasonyeza kuti ALL ingachizidwe popanda radiation ya kumutu, podalira methotrexate wobayidwa pamsana ndi wa mlingo waukulu wopita m'mitsempha. Zinthu zinasintha kwambiri, komabe ena mwa ochira amavutika kutchera khutu m'kalasi, amachedwa kugwira zinthu, ndipo amavutika kulinganiza ntchito zawo.

Ubongo umagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a okosijeni yense wa thupi la munthu wamkulu, ndipo mwa mwana wamng'ono gawolo ndi lokulirapo. Uli ndi mafuta ambiri a mtundu wosavuta kuonongeka. Methotrexate amatsekereza folate, mtundu wa vitamini B, ndipo zimenezi zimakweza homocysteine, amene amavulaza maselo a ubongo ndi mitsempha ya magazi. Tsono mwana wodwala ALL amabayidwa pamsana maulendo ambiri pa zaka ziwirizo, ndipo nthawi iliyonse dokotala amayamba watapa madzi pang'ono asanalowetse mankhwala. Ofufuza a ku United States, ena mwa iwo Marilyn Hockenberry ndi Ida Moore, anagwiritsa ntchito mpata umenewu. Anayeza mafuta oonongeka ndi ma F2-isoprostane m'madziwo pa magawo osiyanasiyana a chithandizo, ndipo anapeza kuti amakwera chithandizo chikayamba, ndiponso kuti kukwerako kumayenderana ndi kutopa kwambiri komanso kuvutika pa mayeso ena a kaganizidwe.

Kafukufuku wotereyu ndimamuona kuti ndi wolongosoka kuposa wa magazi a pamkono. Madziwo achokera pafupi ndi chiwalo chimene tikuchidera nkhawa, mwana yemweyo akuyezedwa mobwerezabwereza kotero akufanizidwa ndi iye mwini, ndipo palibe kubaya kowonjezera. Cholinga chake n'choti tsiku lina dokotala adzathe kuzindikira msanga mwana amene ubongo wake ukuvulala, n'kumuyambitsira thandizo la kusukulu asanabwerere m'mbuyo. Pakadali pano magulu a ana oyezedwa ndi ochepa, ndipo palibe mlingo wogwirizanirana woti kuyambira apa ndiye pali vuto.

Zosokoneza za m'labotale

Magazi akachoka m'thupi okosijeni saleka ntchito yake. Kabotolo kakakhala patebulo maola angapo, mafuta ake amapitiriza kuonongeka. Ofufuza osamala amakaika pa ayezi, amachotsa maselo mwamsanga, amathiramo zoteteza, n'kusunga madziwo mufiriji ya madigiri 80 pansi pa ziro. Glutathione wa m'maselo ofiira ndi wochuluka maulendo mazanamazana kuposa wa m'madzi a m'magazi, moti maselo ochepa okha akasweka potapa magazi pa kamtsempha ka mwana, nambala yasokonekera. Ndipo mwana amene wawonjezeredwa magazi dzulo, SOD ndi catalase amene mukuyeza m'maselo ake ofiira mbali ina ndi a munthu amene anapereka magaziwo. N'zosadabwitsa kuti pa ma enzyme amenewa makafukufuku amatsutsana, ena akuti atsika, ena akuti akwera.

Msampha wa total antioxidant capacity ndi uwu. Gawo lalikulu la mphamvu yoteteza imene imayezedwa m'madzi a m'magazi imachokera ku uric acid. Chithandizo chikangoyamba, ma blast ankhaninkhani amafa nthawi imodzi n'kukhuthulira za m'kati mwawo m'magazi, ndipo uric acid, potaziyamu ndi phosphate zimakwera. Vutoli limatchedwa tumour lysis syndrome ndipo lingatseke impso kapena kuimitsa mtima. Pa nthawi imeneyo nambala ya total antioxidant capacity ingaoneke yokongola, pamene mwana ali pangozi yeniyeni.

Pomwepa palinso kuyeza kumodzi kokhudza oxidative stress kumene kumasinthadi zochita za dokotala lero lino. Uric acid akakwera kwambiri, mankhwala amphamvu omutsitsira ndi rasburicase, enzyme imene imamuphwanya n'kukhala allantoin wosungunuka mosavuta. Pophwanyapo pamatuluka hydrogen peroxide. Maselo ofiira alibe mitochondria, ndipo kuti abwezeretse glutathione wawo amadalira enzyme ya G6PD. Anthu pafupifupi 400 miliyoni padziko lonse anabadwa ndi G6PD yochepa, makamaka ochokera ku Africa, ku mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, ku Middle East ndi ku Asia, ndipo vutoli limaonekera kwambiri mwa anyamata chifukwa jini yake ili pa chromosome X. Mwana wotere akalandira rasburicase, maselo ake ofiira amatha kusweka m'maola ochepa. Mkodzo umada, maso amachita chikasu, milomo imabiriwira chifukwa hemoglobin wasanduka methemoglobin amene sanyamula okosijeni. Methylene blue, mankhwala amene amachiza methemoglobin mwa anthu ena, kwa iye amaonjezera vuto. N'chifukwa chake rasburicase ndi woletsedwa kwa aliyense wa G6PD yochepa, ndipo malangizo amati ayezedwe kaye. Ngakhale pamenepa pali pochenjera, chifukwa magazi owonjezeredwa kumene kapena maselo oyera ochuluka kwambiri angachititse kuti zotsatira zioneke zabwino pamene sizili choncho.

Kusiyana kwa G6PD ndi MDA kukuoneka poyera. Kuyeza G6PD kumayankha funso limodzi lomveka, ndipo yankholo limauza dokotala chochita. Chimodzimodzi ndi zimene madokotala amadalira poona ngati ALL ichire: msinkhu wa mwana, maselo oyera ngati afika 50,000 pa microlitre pa tsiku loyamba, majini a ma blast, ndiponso koposa zonse MRD, kuwerenga maselo a khansa otsala m'mafupa mwezi woyamba wa chithandizo ukatha. Akapezeka ochepera limodzi pa maselo 10,000 alionse, chiyembekezo chimakhala chabwino, ndipo akaposa, mankhwala amawonjezeredwa mphamvu. Njira zimenezi zinayesedwa pa ana masauzande ambiri. MDA, 8-OHdG ndi ma F2-isoprostane sizili m'ndondomeko zoika ana m'magulu a chithandizo, ndipo kholo lisadabwe kuti dokotala wa mwana wake saziyeza.

Za mavitamini

Funso lomaliza la kholo lija ndi limene lili ndi ngozi. Mu 2004 ndi 2005 Deborah Kennedy, Kara Kelly ndi anzawo a ku New York anafalitsa zimene anapeza atatsatira ana 103 odwala ALL kwa miyezi 6 yoyambirira ya chithandizo. Ambiri sankadya mavitamini oteteza okwanira, ndipo odya ochepa ankakumana ndi zovuta zambiri za mankhwala. Mu 2020 Elena Ladas ndi anzake anafalitsa kafukufuku wokulirapo wa ana 513. Ana amene zakudya zawo zinali ndi ma antioxidant ambiri, monga beta-carotene ndi vitamini A, ankadwala matenda a mabakiteriya ndi zilonda za m'kamwa mocheperako, ndipo khansa sinkabwerera kwambiri mwa iwo kuposa mwa anzawo. Phindu limeneli silinaoneke mwa omwa mapiritsi a mavitamini. Makafukufuku awiriwa anali ongoyang'ana zimene ana akudya, choncho n'kuthekanso kuti mwana amene sakudwalika ndiye amatha kudya bwino.

Mapiritsi a mlingo waukulu ali ndi mbiri yosasangalatsa mwa akuluakulu. Ku Finland, kafukufuku wa amuna osuta fodya oposa 29,000 amene zotsatira zake zinatuluka mu 1994 anapeza kuti omwa beta-carotene anadwala khansa ya m'mapapo mochuluka ndi 18 peresenti. Kafukufuku wa SELECT anapeza mu 2011 kuti vitamini E anakweza khansa ya prostate ndi 17 peresenti. Anthu amenewa sanali ana odwala leukemia, koma zotsatirazo zikusonyeza kuti kutsitsa ROS ndi piritsi sikupereka nthawi zonse zimene munthu amayembekezera. Selo la khansa nalo limafuna zoteteza, mwinanso kuposa selo labwino, ndipo piritsi silisankha kolowera.

Choncho chimene madokotala a khansa ya ana amalimbikitsa ndi chakudya chakasinthasintha, chokhala ndi masamba ndi zipatso zotsukidwa bwino kapena zophikidwa, malinga ndi mmene chitetezo cha mwana chilili pa nthawiyo. Piritsi lililonse lowonjezera, ngakhale looneka losalakwa, dokotala alione kaye botolo lake. Ma multivitamin ambiri amakhala ndi folic acid, ndipo methotrexate, amene mwana amamwa mlungu uliwonse pa gawo lalitali lomaliza la chithandizo, amapha ma blast powamana folate yemweyo.